Silabu ya Phulusa

Silabu ya chimbudzi pa mtengo wa nkhuku imodzi! Ine ndakalambira pamsika wa Chipata, ndipo ndikamva zotere ndimagwira thumba langa.

Bizwell anakulira m'nyumba yopemphera ku Madzimoyo. Atate ake, a Matiyasi, ankaumba masilabu a simenti ovundikira maenje a zimbudzi. Ankatenga phulusa la mankhusu a mpunga ku fakitale ina, n'kulisefa ngati ufa, n'kuthira chidebe chimodzi pa zidebe zisanu ndi zinayi za simenti kuti silabu ilimbe.

"Chimodzi basi," ankatero. "Ukawonjezera, kumeneko n'kuba."

"Atate, ngati chimodzi chikulimbitsa, zisanu zingafewetse bwanji?"

"Mchere umakometsa ndiwo. Kathire thumba lonse uone."

Bizwell sanamvetse, ndipo sanafune kumvetsa. A Matiyasi atapita ku Kasenengwa kukamanga sukulu, ntchito anasiyira iye. Mnzake Ben sanachedwe kutulukira.

"Iwe, phulusa n'lotuwa, simenti njotuwa. Ndani amanyambita silabu asanagule?"

Anayamba ndi zidebe zitatu. Kenaka zisanu. Kenaka phulusa la pauvuni wa njerwa, losasefa, makala ali momwemo. Simenti yotsala inkasanduka mowa, masilabu Ben n'kumapatsa anthu oyendetsa ngolo kuti akagulitse.

"Mwanawe, matumba a atate ako akupita kuti?" anafunsa amayi ake, a Magalita.

"Ntchito yachuluka, amama."

Chimbudzi cha panyumba chitadzaza, a Magalita anakumbitsa china. Popeza mwana sankaoneka pakhomo, anagula silabu kwa wangolo wodutsa, ali kukondwa kuti anenerera bwino mtengo.

Lachitatu lina m'mawa kunamveka kukuwa. Silabu inali itagumuka, a Magalita ali pansi padzenje lakuya mamita atatu. Anansi anawatulutsa ndi chingwe cha ng'ombe.

Bizwell anafika akuthamanga, natola chidutswa. Chinafumbutuka m'manja mwake, khala n'kugwa pansi.

"Iyi si yathu. Kapena ndi yathu? Amama, munagula kwa ndani? Ben anati zonse zikupita ku Tamanda!"

A Magalita, ali gone pamphasa, anamufunsa:

"Kodi ku Tamandako kulibe amayi a anthu?"

Ben anasowa tsiku lomwelo. Wangolo sanadutsenso. Bizwell analira, nalapa pamaso pa mpingo, koma fupa silimva kulapa.

Achinyamata, mukaba pamuyeso, dziwani kuti pali munthu amene adzaimepo. Apa amene analipira ndi a Magalita: mwendo wothyoka pawiri, ndi ndodo mpaka lero.