Flossie ndi Mpeni Wobenthuka

Flossie ankakhala ku Nkhunga. Iye ankafuna kunola mpeni ngati abambo ake.

Tsiku lina anatenga mpeni wa amayi. Anaukwecha pa simenti ya pakhonde. Anakwecha mwamphamvu. Anakwechanso. Mpeni unabenthuka.

Flossie anachita mantha. Anauika mpeni m'dengu. Sanauze munthu.

Masana amayi anabwera ndi nsomba za ku Bua.

"Mawa kuli msonkhano wa chipani ku Dwangwa," anatero amayi. "Anthu adzachuluka. Ndikagulitsa nsomba zokazinga."

Amayi anatenga mpeni uja. Anayesa kutumbula nsomba. Mpeni unakana. Anayesanso. Mpeni unakanabe.

Amayi anaitana Raston, mlongo wake wa Flossie.

"Raston, waseweretsa mpeni wanga?"

"Si ine, amayi."

"Usaname. Lero ku mpira supita."

Raston anakhala pakhonde. Analira.

Flossie anagwidwa ndi manyazi. Sanathe kuyang'ana amayi. Sanathe kuyang'ana Raston. Anangoyang'ana zala za kumapazi.

Anzake a Raston anadutsa ndi mpira. Raston ankalirabe.

Flossie anapita kwa amayi. Anagwada.

"Amayi, Raston sanalakwe. Ndine ndawononga mpeni. Ndimafuna kuunola."

Amayi anayang'ana Raston. Nawonso anachita manyazi.

"Raston mwana wanga, pepa," anatero amayi. "Ndinakukalipira popanda chifukwa."

"Pepa, Raston," anateronso Flossie.

Raston anangokhalabe pakhonde.

Abambo anamva zonse. Anatenga mwala wonolera. Anasema kathabwa kopendekeka. Anakaika pa mwalawo.

"Flossie, bwera kuno," anatero abambo. "Tsamiritsa mpeni pa kathabwa aka. Dzanja lako silisochera. Zala zikhale kumbuyo."

Flossie anagwira mpeni. Anautsamiritsa pa kathabwa kaja.

"Kankha pang'onopang'ono. Bweza. Kankhanso."

Flossie anakankha. Anabweza. Anakankhanso. Mwala unauma.

"Pakufunika madzi," anatero abambo.

Raston anadzuka. Anabweretsa madzi m'kapu. Anathira pa mwala.

Flossie ankanola. Raston ankathira madzi. Ananola nthawi yaitali. Pobenthuka paja panatha.

Amayi anayesa mpeni pa nsomba. Mpeni unangolowa.

"Wathwa kuposa kale," anatero amayi.

Flossie anadzutsa mutu. Raston anali atatenga kale mpeni wina.

"Uwu ndinole ndine," anatero Raston. "Iwe thira madzi."

Flossie anaseka. Anatenga kapu ija.