Odzazonda Anapeza Makina Akulira

Pakhomo pa amayi osoka zovala njala inali itasamuka. Iwo ndi anzawo anayi anapanga gulu n'kutenga ngongole yaing'ono ku bungwe lobwereketsa ndalama. Amayi osokawo anagula makina osokera, denga linasiya kudontha, ana anayamba kupita kusukulu atadya. Lamulo la gululo linali lakuti wina akalephera kubweza, anzake amulipirire.

M'nyumbamo munalinso mwana wamkazi amene tinkamutcha Dona, chifukwa zikhadabo zake zinkadana ndi singano. Ntchito yake inali imodzi yokha: kukapereka ndalama ku gulu Lachinayi lililonse.

"Ndalamazi si zathu, mwanangu," amayi ake ankatero. "Ukakhota nazo, wagwetsa mabanja asanu."

Anakhota. Pamphambano pankaima mnyamata wa njinga yamoto, wokoma pakamwa, m'thumba muli mbee.

"Nkhope yonseyi wopanda foni?" anatero. "Azimayi aja ndi achifundo. Ungowauza kuti amayi ako adwala."

Dona anakalira pamsonkhano, misozi yeniyeni. Mayi wogulitsa tomato anamasula mpango wake kuti awalipirire, wogulitsa mazira anapereka ndalama ya chakudya cha nkhuku. Lachinayi lachiwiri matenda anakula. Lachinayi lachitatu Dona anati amayi ake sakuthanso kudzuka. Foni inagulidwa, mowa unamwedwa, chitsirucho chinkadziona ngati chochenjera.

Koma achifundo amazonda wodwala. Loweruka m'mawa amayi anayi aja anafika ndi sopo ndi shuga, akuyenda mwakachetechete. Anapeza makina akulira, wodwalayo akupalasa ndi miyendo yonse, akuimba nyimbo.

"Mwachira msanga, anzathu," anatero wapampando wa gulu.

"Ndinadwala liti?"

Amayi osoka analumbira kuti ndalama ankatumiza Lachinayi lililonse mpaka mawu anasasa, koma palibe anawakhulupirira. Nkhuku za mnzawo zinali zitasiya kuikira. Makina anakwezedwa pa wilibala kukagulitsidwa, dzina lawo linafufutidwa m'gulu. Mnyamata uja anazimiririka, ndi foni yomwe.

Lero amayiwo amasoka zigamba pamanja, maso akuchita chidima. Amene amawalowetsera ulusi m'singano ndi Dona, zikhadabo zitathyoka. Sanamumenye, sanamutukwane. Amangomupatsira singanoyo osamuyang'ana.

Ine chisoni ndilibe naye. Iwe mwana amene umatumidwa ndi thukuta la kholo lako, kafikitse. Ukaba, sukuba ndalama zokha. Ukuba dzina limene amayi ako amakongolera, ndipo limenelo silibwezedwa Lachinayi.