Nyali Yosagona

Chinthu choyamba chimene Wamanzere anaona chinali chaching'ono: nyali yake inkakhala yofunda m'mawa. Ankaizimitsa asanagone n'kuisiya pathebulo pambali pa mabuku, koma akadzuka n'kuikhudza, inkakhala ngati wina wangoichotsa kumene m'khwapa.

Nyalizo zinabwera ndi boma. Mwana aliyense wokonzekera mayeso omaliza a sekondale anapatsidwa yake, yoyera, yakhosi lopindika, ndipo akuluakulu ovala masuti anaomberedwa m'manja pabwalo la sukulu. Boma lomwelo limene linalephera kukonza mpope wa pansi pa mdadada wawo wa nyumba zosanja kwa zaka zisanu ndi chimodzi, linakwanitsa kufikitsa nyali m'chipinda cha mwana aliyense m'sabata imodzi. Palibe anafunsa chifukwa chake. Ophunzira kwambiri ndiwo anaomba m'manja kwambiri.

Mtsikanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo dzinalo anam'patsa chifukwa cholemba ndi dzanja lamanzere. Ankakhala ndi agogo ake aamuna m'zipinda ziwiri za pansanjika yachitatu. Agogowo anakonza mawailesi a boma zaka makumi atatu n'kuchotsedwa ntchito ndi kalata ya mizere iwiri, ndipo maso awo tsopano anali atachita ng'ala. Achimwene ake a mtsikanayo anali atathawa. Mlandu wawo unali wakuti anakwera pamgolo pageti la fakitale n'kutchula mokweza maina a anzawo amene makina anawadula zala. Anthu awiri amene anagwirira mgolowo anatengedwa tsiku lomwelo ndipo sanaonekenso. Aliyense ankadziwa chimene chikanachitika mnyamatayo akanapezeka.

Makalata ake ankabwera m'nsapato. Wosoka nsapato wa pakona ankawabisa pansi pa chikopa cham'kati. Kalata ikafika, agogo ankatseka makatani, kuzimitsa magetsi onse kuti anthu aziganiza kuti agona, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi nsanza. Kenako mtsikanayo ankakokera nyali ija pafupi, kupinda khosi lake kuti kuwala kugwere papepala pokha, n'kuyamba kuwerenga monong'ona. Ankadziona ngati ochenjera.

Kalata yoyamba sinatchule malo. Inangonena kuti asade nkhawa ndi kuzizira, popeza akugona kuseri kwa bekale ina, atatsamira khoma la uvuni. Patapita masiku awiri, apolisi anasecha mabekale anayi usiku umodzi. Ophika buledi anagonekedwa chafufumimba mumsewu, manja ali mbuu ndi ufa. Mnyamatayo anapulumuka chifukwa anali atapita kukasamba.

Usiku wotsatira Wamanzere sanagone. Mdadada wonse unali zii, kupatula mpope wodontha wa kukhitchini ndi chifuwa cha agogo kuseri kwa khoma. Mdima unali wandiweyani moti dzanja lake sankaliona. Ndiye anamva kaphokoso, kamodzi kokha, ngati chikhadabo chagunda galasi. Pambuyo pake panabwera kena kotsika kwambiri, konga mpweya wa munthu amene akuyesetsa kupuma osamveka. Anagwira mpweya wake, nakonso kanasiya. Atatulutsa mpweya, kanayambiranso. Anafunda kumutu mpaka kunacha.

Mphekesera zinali zitayamba kale. Ankati mnyamata wina wa pansanjika yoyamba analembera mtsikana kalata yachikondi n'kuing'amba osatumiza, koma aphunzitsi aakulu anamunenera mawu ake onse mu ofesi. Ankatinso mtsikana wina amene anali ndi pakati, ndipo sanauze munthu aliyense koma kope lake lokha, anaitanidwa n'kuuzidwa kuti asabwerenso kusukulu. Amayi pamasitepe ankanong'onezana kuti ndi mzukwa wa mmisiri amene anagwa padenga pomanga mdadadawo. Ena ankati mzukwa sugwira ntchito ndi apolisi, pali kazitape.

Agogo anasankha kazitape wawo. Anali atelala a khomo loyandikana nalo, mayi wamasiye amene ankasoka mpaka usiku, mashini awo atagunda khoma lopyapyala la pakati pa makomo awiriwo. Mdalayo anawapeza pamasitepe, anthu akuona, n'kuwafunsa kuti khutu lawo analigulitsa kwa ndani.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikukutembenuzirani makolala, achikulire," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Lero ndasanduka khutu?"

Analowa m'nyumba n'kutseka. Kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kuwapatsa zovala zosoka, ndipo mashini aja anangoti duu.

Kalata yachiwiri itafika, agogo anatsegula mpope kuti madzi azisokosera, n'kulamula kuti isawerengedwe ndi pakamwa. Mtsikanayo aiwerenge ndi maso okha, kenako awauze kukhutu. Anachitadi zimenezo, pansi pa nyali. Achimwene ake anali atapeza ganyu yonyamula matumba usiku kumalo opakira katundu wa sitima. Kusanache, malowo anali atazunguliridwa. Wonyamula katundu wina, bambo wa ana anayi, anathyoledwa mwendo. Madzulo wosoka nsapato ananong'oneza mtsikanayo kuti mnyamatayo anakwawa pansi pa mabogi a sitima n'kuthawa, koma mwayi wotere subwera katatu.

Tsopano Wamanzere anadziwa kuti si khutu, chifukwa palibe mawu amene anatuluka. Usiku umenewo anagona chammbali, maso ali pathebulo, kudikira. Mphepo inkaliza waya wina padenga. Galu anauwa patali n'kusiya mwadzidzidzi. Maso ake atazolowera mdima anayamba kuona mabuku, kapu, ndi nyali ija, yoyera ngati fupa. Ankakumbukira bwino kuti anaisiya itawerama. Tsopano khosi lake linali litadzuka, likuyang'ana pabedi. Kunsi kwa babu kunali kadontho kakuda kuposa mdimawo, ndipo pamene ankakayang'ana, chikhadabo chija chinagundanso galasi. Anakokera bulangete mpaka m'khosi, pokumbukira kuti miyezi yonseyi ankavulira m'chipinda chomwecho.

Sanauze agogo. Madzulo a tsiku lotsatira anatenga pepala ali kubafa n'kulemba motsanzira kalembedwe ka achimwene ake, kuti tsopano akugona m'nyumba yosungiramo katundu imene inapsa, ya tsidya la msewu. M'nyumbamo simunkakhala ngakhale mphaka. Anabwera nalo kuchipinda, n'kulitambasula pansi pa nyali, kuliyang'ana kwa kanthawi, kenako anazimitsa.

Cha m'ma fili koloko usiku anamva matayala akuponda miyala pang'onopang'ono. Magalimoto atatu osayatsa nyali anaima tsidya lija. Anakadzutsa agogo n'kuwatsogolera pawindo, ndipo ngakhale maso a ng'ala aja anaona matochi akuyendayenda m'mabwinjamo. Anawauza zonse kukhutu.

Mdalayo anafufuza sikuludiraiva yake m'kabokosi ka pansi pa bedi, n'kukhala pansi mumdima momwemo. Maso sankafunika, zala zinkaidziwa ntchito. Anamasula timisomali tinayi, anatsegula mimba ya nyaliyo n'kuyamba kupapasa. Anapeza kagalasi kochepa ngati njere ya mpunga, kachitsulo ka timabowo komvera mawu, kamota kotembenuzira khosi, ndi kakhadi konga ka m'foni.

"Ine ndinkakonza mawailesi oti iwo azilankhula, ife tizimva," ananong'ona. "Awa apanga yoti ife tizilankhula, iwo azimva. Ndiye ife n'kumaiyatsira dala, kuti aone bwino."

Nyaliyo anaiponya mu ndowa ya madzi. Kutacha anakagogoda kwa atelala aja, ataima chipewa chili m'manja, n'kupepesa kudzera pachitseko. Anamva mayiwo akuyenda m'katimo, koma sanatsegule.

Masana kunabwera mayi wachitsikana wa suti yaimvi, katoni ili m'manja, ulemu wake wosefukira. Anati ofesi yawo yaona kuti nyali ya mwanayu yasiya kugwira ntchito, ndiye abweretsa ina kuti asavutike powerenga. Agogo anamufunsa kuti anawalola ndani kulowa m'chipinda chimene mwana wamkazi amagona ndi kuvuliramo. Mayiyo anayankha mokoma kuti zonsezi n'zoteteza ana, ndipo munthu amene alibe chobisa sadandaula.

"Nanga inuyo mwavaliranji zovala, mayi?" anafunsa mdalayo.

Mayiyo anangomwetulira. Analowa wosaitanidwa, anaika nyali yatsopano pathebulo, n'kuiwongola khosi ndi chala chimodzi. Ali pakhomo anawonjezera kuti nyali ndi katundu wa boma, ndipo iyi ikawonongekanso, dzina la mtsikanayu lidzachotsedwa pamndandanda wa olemba mayeso. Anatsika masitepe, nsapato zake zikulira ngati za munthu amene wachita zabwino.

Madzulo omwewo wosoka nsapato anam'patsa Wamanzere nsapato ina. Anati iyi ndi yomaliza, popeza nayenso akuona kuti ayamba kumulondola. Anatinso m'kalata ya m'nsapatomo muli malo enieni amene achimwene ake apeza pobisala, kuti tsiku lina adzathe kukawaona.

Mtsikanayo anakhala kubafa nthawi yaitali, chitseko chili chotseka, kalata ili m'manja. Anainunkhiza. Anaganiza za nkhope ya achimwene ake imene sanaione kwa miyezi isanu ndi iwiri. Anaganizanso kuti anthu amene anatha kulowa m'chipinda chake sangalephere kumukhazika pampando n'kumufunsa mpaka atanena. Chimene akanadziwa, iwonso akanachidziwa. Anayatsa machesi, anagwira kalatayo pakona ili chipindire, n'kuisiya kuti ipse mpaka moto unamunyambita zala. Phulusa analitsukira m'sinki.

Atatuluka anapeza agogo atakhala pakhomo la chipinda chake, atafulatira nyali ija. Anali atamva fungo la utsi. Anam'kokera pafupi n'kumufunsa kukhutu kuti achimwene ake ali kuti.

Wamanzere sananong'one. Anaima chilili, anayang'ana pathebulo, n'kulankhula momveka bwino kuti aliyense womvetsera amve.

"Sindikudziwa, agogo. Ndipo sindidzadziwanso."

Mdalayo anatsegula pakamwa kuti amukalipire chifukwa chokweza mawu, koma anazindikira kuti mwanayo sakunamiza munthu. Anaweramitsa mutu n'kugwira dzanja lake lopsa lija. Anakhala choncho awiriwo mpaka kunada, osayatsa kanthu.