Zithunzi Zimene Desmond Anasamutsa

Desmond analembanso mawu aja pa foni yake: situdiyo ya zithunzi ku Matero. Anatsika tsamba loyamba, anatsika lachiwiri, koma dzina la situdiyo ya bambo ake silinaoneke. Kumbuyo kwake a Norah, eni saluni ya pafupi ndi msika, ankayeza khoma ndi chingwe kuti aone pamene magalasi awo adzakhale. Bambo ake, a Goliati, anali atawalonjeza chipinda cha situdiyoyo mwezi ukatha, popeza makasitomala anali atasowa ngati mvula ya mu Julayi.

A Goliati anali mwana wa munthu wa ku Dedza amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo moyo wawo wonse anajambula anthu a Matero. Kalelo Loweruka linali tsiku la situdiyo. Anyamata ankabwerekana jekete imodzi, atsikana ankafika nsapato zili m'manja kuopa fumbi, ndipo aliyense ankafuna kuima patsogolo pa nsalu yojambulidwa ndege, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaikwerapo. Desmond ali wamng'ono anapezako mchira chabe wa masiku amenewo. Ankakumbukira fungo la mankhwala otsukira zithunzi, ndi mawu a bambo ake akuuza akwati kuti asaume thupi ngati agwidwa ndi apolisi.

Mafoni atachuluka, mizere ya makasitomala inatha. Amene anapulumutsa situdiyo anali Ida, mlongo wake wa Desmond. Asanapite ku Ndola kukaphunzira unamwino, anatsegula webusaiti n'kumaikapo zithunzi zakale, chilichonse ndi nkhani yake monga momwe bambo awo ankasimbira. Anthu ofufuza za Matero wakale ankagwera pamenepo, kupeza azakhali awo ali atsikana, n'kutumizirana pa foni. Ena ankabwera kudzasindikiza zithunzizo, ndipo potuluka ankasiya tsiku la ukwati wa mwana wawo. Munthu akangofufuza situdiyo ku Matero, dzina la a Goliati linkabwera pamwamba.

Kenaka Desmond anamaliza Giredi 12, kalasi yomaliza ya sekondale, n'kuyamba kosi ya makompyuta m'tauni. Tsiku lina anaonetsa anzake webusaiti ija, ndipo mmodzi anamufunsa ngati bambo ake ali ndi situdiyo kapena nyumba yosungira zinthu zamakedzana. Onse anaseka, iye anachita manyazi kwambiri. Mlungu womwewo anachotsa nkhani zonse zakale n'kuziika pa adiresi yakeyake, imene aphunzitsi ankaitcha sabudomeni: dzina lomwelo la situdiyo, koma ndi mawu oti "kale" patsogolo. Zinali ngati kusamutsira agogo ku kachipinda kakuseri kokhala ndi geti lakelake. Patsamba lalikulu anangosiya mitengo ndi zithunzi zowala za akwati amakono. Anakondwa nazo zedi, koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Posamutsapo sanasiye cholozera chilichonse, choncho ma adiresi akale amene anthu ankatumizirana anangofa. Kwa makina ofufuzira, adiresi yatsopano ija inali mlendo wosadziwika, ndipo tsamba la mitengo, litasiyidwa lokha, linayamba kutsetsereka. Desmond ankaziona zimenezi, koma ankadzinamiza kuti zidzakonzeka zokha. Bambo ake sankadziwa kalikonse. Iwo ankangoti nthawi yawo yatha, maso nawonso ayamba kuchita mdima.

A Norah akupinda chingwe chawo, pakhomo panaima mayi wovala zakuda, thukuta lili kamukamu. Anati dzina lawo ndi a Mainess, achokera ku Chawama, ndipo kuyambira m'mawa akhala akufunsa njira ya kwa mdala wojambula zithunzi. Anafotokoza kuti chaka chatha anaona pa foni chithunzi cha amayi awo ali mtsikana, atavala diresi ya madontho, akuseka pafupi ndi ndege. Anawaonetsa amayiwo, ndipo nkhalambayo inaseka mpaka misozi, n'kunena kuti nsapato zimene inavalazo zinali zobwereka.

A Goliati anafunsa ngati amayiwo akadali bwino.

"Tinabaika mwezi watha," anatero a Mainess. "Banakamba kuti nikafa, muike chija cha ndeke pa pulogalamu ya maliro. Ninasakila, ninasakila, foni ikamba chabe ati tsamba kulibe. Manje tinaika cha pa reji."

Desmond ankazidziwa zithunzi za pa reji, chiphaso cha boma: nkhope youma, maso otong'oka, munthu wooneka ngati wolakwa. Anamva chisoni chachikulu. Mwakachetechete anatsegula adiresi yake yakuseri ija, ndipo sipanatenge nthawi, mtsikana wa diresi ya madontho anaonekera pa kompyuta, akuseka.

A Mainess anakhala pansi n'kugwira pakamwa. A Goliati anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kutchula dzina la mtsikanayo popanda wowauza. Anakumbukiranso kuti tsiku limenelo anabwera ndi mnzake wamtali amene ankamuseketsa ali kuseri kwa chitseko. Mayi aja analira, kuseka, n'kuliranso. Desmond anasindikiza chithunzicho pa pepala lalikulu koposa limene anali nalo.

Mlendo atapita, a Goliati anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti chithunzi chikhalepo koma mwini wake osachipeza.

"Nine ninavichosa, ba Tate," anatero Desmond, maso ali pansi. "Ninaviika kumbali. Banzanga benze kuniseka ati ni vinthu va kudala."

Bambo ake sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka koposa. Anangoyang'ana mpando umene mayi aja anakhalapo, n'kufunsa kuti ndi angati ena amene anafufuza osapeza, koma analibe mphamvu yoyenda kuchokera ku Chawama.

Masana omwewo Desmond anabweza nkhani zonse pa adiresi yaikulu, n'kuonetsetsa kuti adiresi iliyonse yakale ikufikitsa munthu pa chithunzi chake. Anawauza bambo ake chilungamo, kuti dzina silibwerera pamwamba mawa kapena mkuja, mwina mwezi udzatha lisanabwerere.

A Norah, amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, anafunsa ngati abweretsebe magalasi mwezi ukatha. A Goliati anayang'ana zithunzi zakale zija pa kompyuta, akusisita maondo awo.

"Pepani ba Norah, sakilani kwina," anatero. "Muno mukali bantu bamene babale bao sanabapeze."