Mwayi Wopanda Nsapato

Sumire anali ndi chinsinsi. Chinsinsicho chinali chachikulu. Chinkamuyabwa pakamwa.

Sumire anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mlongo wake, Genta, anali ndi zaka zitatu. Ankakhala ku Gifu, m'dziko la Japan. Nyumba yawo inali yosanja. Iwo ankakhala pamwamba penipeni.

Tsikuli linali lothamangitsa chilombo. Limabwera kamodzi pachaka, nyengo yozizira ikamapita kumapeto. Chilombo chimalowa m'nyumba. Ana amachigenda ndi soya wokazinga. Amafuula kuti, "Chilombo kunja! Mwayi m'nyumba!" Chilombo chimathawa. Chimapita ndi matenda ndi tsoka lonse.

M'mawa wa tsikuli, Sumire ankafunafuna chipewa chake. Anatsegula kabati ya Ababa. Chipewa sanachipeze. Anapeza chigoba chofiira chovala kumaso. Chinali ndi nyanga ziwiri. Chinali ndi mano aataliatali. Pansi pake panali kabudula wachikasu wa mizeremizere.

Sumire anayang'ana chigoba. Anayang'ana Ababa. Anayang'ananso chigoba.

"Ababa, kani chilombo chija mumakhala inu?"

Ababa anadzikanda m'mutu. "Wandigwira, mwana wanga."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi. Ndipo iweyo umagenda mopweteka."

Sumire anayamba kuseka. Ababa anaika chala pamlomo.

"Usamuuze Genta," anatero Ababa. "Mwezi wonse wakhala akuyeserera kugenda. Akufuna kuthamangitsa chilombo chenicheni."

Ababa anatambasula kachala kakang'ono. Sumire anakola ndi kake. Anagwedeza katatu. Pangano la kachala munthu saphwanya. Ngakhale Genta amadziwa zimenezo.

Koma kusunga chinsinsi si masewera.

Masana anakhala pansi kuti adye mpunga ndi nsomba. Genta sankadya. Ankangofunsa mafunso.

"Achemwali, chilombo ndi chachitali bwanji?"

"Ngati Ababa," anatero Sumire.

Ababa anatsamwa ndi tiyi.

"Kapena kuposa Ababa," anawonjezera msanga Sumire.

"Chimadya chiyani?"

"Chimakonda nsomba yowotcha."

Ababa anatsamwanso. Amayi anawasisita kumsana. Sumire anadzaza mpunga m'kamwa kuti asayankhulenso.

Dzuwa litapendeka, Ababa anaimirira.

"Ndikukagula mkaka kugolosale," anatero mokweza.

Anatsegula chitseko. Anachitseka. Koma sanatuluke ayi. Ananyang'ama n'kukalowa kubafa. Sumire anawaona. Genta sanawaone.

Amayi anapatsa ana tibokosi ta soya. Genta anagwira kake ndi manja awiri. Miyendo yake inkanjenjemera.

"Ine sindikuopa," anatero Genta.

"Ndikudziwa," anatero Sumire.

"Ikuopa ndi miyendo yokha."

Kenako chitseko cha kubafa chinatseguka. Panatuluka nyanga. Panatuluka mano. Panatuluka kabudula wachikasu.

"Uuuu! Ana a muno ali kuti?" chinabangula chilombo.

Genta anauma. Sanapite kutsogolo. Sanabwerere m'mbuyo.

"Genda, Genta," anamunong'oneza Sumire.

Genta anatseka maso n'kugenda. Soya woyamba anagwera m'kapu ya Amayi. Wachiwiri anamenya Sumire pakhutu. Wachitatu anamenya chilombo pamphuno.

Genta anatsegula maso. Mantha anachoka. Anagenda ndi dzanja lamanja. Anagenda ndi dzanja lamanzere. Soya atatha, anaponya ndi kabokosi komwe.

"Mayo ine!" chinalira chilombo. Kulira kumeneko sikunali kwa masewera.

"Chilombo kunja! Chilombo kunja!" anafuula Genta.

Chilombo chinathawira kukhomo. Amayi anatsegula chitseko. Chilombo chinatuluka. Genta anakankha chitseko ndi mphamvu zake zonse. Anatembenuza kaloko. Anakhala pansi, msana pachitseko.

Amayi anawomba m'manja. "Wagwira ntchito, Genta. Tsopano dzuka, titsegule."

"Ayi."

"Chilombo chapita, mwana wanga."

"Sichinapite. Ndikuchimva chikupuma."

Zoonadi, chilombo chinkapuma. Chinkayetsemulanso. Kunja kunali mphepo yoluma. Ababa anali ndi kamalaya kopyapyala, kabudula ndi masokosi basi.

Go, go, go! Chitseko chinalira.

"Genta, tsegula. Ndine Ababa ako. Ndabwerako kugolosale kuja."

Genta anaganiza. Genta ndi wamng'ono, koma si wopusa.

"Mkaka uli kuti?" anafunsa.

Kunja Ababa anatsokomola.

"Mkaka... mkaka watha kugolosale."

"Bodza," anatero Genta. "Kugolosale mkaka sutha."

Amayi anagwira pakamwa. Mapewa awo ankagwedezeka. Ankaseka chamumtima.

Pamenepo Genta anayang'ana pansi. Pakhomo m'pamene aliyense amavulira nsapato. Panali nsapato za Amayi. Panali nsapato za Sumire. Panali tinsapato ta Genta. Panalinso nsapato zazikulu zakuda.

"Izi ndi nsapato za Ababa," anatero Genta.

Anaziloza ndi chala.

"Ababa sangapite kugolosale opanda nsapato. Chilombo chadya Ababa. Chasiya nsapato zokha. Tsopano chikuyankhula ndi mawu awo."

Genta ananyamula nsapato imodzi. Anaikumbatira pachifuwa. Analira, analira, analira.

"Sanadyedwe, mwana wanga," anatero Amayi. "Ima nditsegule, uone."

Genta anadumpha n'kugwira chogwirira chitseko. Anachikakamira ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo silinasiye nsapato.

"Musatsegule, Amayi. Chikudyaninso inu. Chidyanso Achemwali. Ine nditsala ndi ndani?"

Apa Amayi anasiya kuseka. Anagwada pafupi naye. Anamupukuta misozi, koma ina inkabwerabe.

Sumire anamumvera chisoni Genta. Anawamveranso chisoni Ababa. Pachitseko panali kabowo koponyera makalata. Sumire anasuzumira pakabowoko.

Anaona mawondo a Ababa. Mawondowo ankagundana. Anaonanso Mayi Kuroda, a khomo loyandikana nalo. Ankachokera kumsika ndi chikwama chawo.

"Mwaswera bwanji, bambo chilombo?" anafunsa Mayi Kuroda.

"Ndaswera bwino, mayi. Kaya inu?"

Anaweramirana mwaulemu. Nyanga imodzi inapindika.

"Akutsekerani kunja?"

"Anditsekera, mayi."

"Pirirani. Amuna anga anakhalapo panja ola lathunthu. Ana athu anawaiwala."

Ababa anayetsemula katatu. Genta sanamve zonsezi. Iye ankangolira.

Chinsinsi chinakwera mpaka pakhosi pa Sumire. Chinafika palilime. Chinafika pamilomo.

"Genta, chilombo chija ndi..."

Sumire anayang'ana kachala kake. Anameza mawuwo.

Akanena, aphwanya pangano. Akanena, Genta adziwa kuti sanathamangitse chilombo. Adziwa kuti wagenda Ababa pamphuno. Koma akapanda kunena, Ababa adwala chimfine. Sumire anasowa pogwira. Anafuna kulira nayenso.

Anakhala pansi pafupi ndi Genta. Anatola soya mmodzi. Anamutembenuza m'dzanja. Mawu a tsikuli ankamveka m'mutu mwake. Chilombo kunja. Mwayi m'nyumba. Chilombo kunja. Mwayi...

Sumire anadzuka.

"Genta, talakwitsa."

Genta anakweza mutu. Mphuno yake inali yonyowa.

"Talakwitsa chiyani?"

"Iwe unafuula kuti chiyani?"

"Chilombo kunja."

"Kenako?"

"Kenako ndinatseka."

"Waona? Mawu aja sitinamalize. Sitinanene kuti mwayi m'nyumba. Mwayi tautsekera kunja."

Genta anasiya kulira. Anayang'ana chitseko.

"Mwayi uli kunja?"

"Uli kunja. Ukudikira. Nanga ulowera pati, iwe utatseka?"

"Ulowere pakabowo."

"Sungakwane. Mwayi wathu ndi waukulu."

"Nanga chilombo?"

"Chilombo chimaopa mwayi. Tikangoitana mwayi, icho chithawa."

Genta anaganiza. Anaganiza nthawi yaitali. Kunja munthu anayetsemulanso.

"Mwayi ukabwera, ubweza Ababa?"

Sumire anatambasula kachala kake. "Ubweza. Kola apa."

Genta anakola. Anagwedeza katatu.

"Ima ndione kaye ngati uli pafupi," anatero Sumire.

Anaika pakamwa pakabowo. Ananong'ona pang'onopang'ono. "Ababa, vulani chigoba. Chibiseni msanga."

Ababa anavula chigoba. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Pobisa panalibe. Mayi Kuroda anangotsegula chikwama chawo. Chigoba chinalowa n'kukhala pamwamba pa kabichi. Mayi Kuroda analowa nacho m'nyumba mwawo.

Sumire anatola soya pansi. Wina anapatsa Genta. Wina anapatsa Amayi.

"Utsegule ndiwe, Genta. Ndiwe unathamangitsa chilombo."

Genta anaika nsapato pansi. Anaimirira pa zala za kumapazi. Anatembenuza kaloko. Anagwira dzanja la Sumire mwamphamvu.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Mphepo inalowa. Genta anatseka maso.

"Mwayi m'nyumba!" anafuula onse atatu.

Anamwaza soya m'nyumba. Chitseko chinatseguka chonse. Genta anatsegula diso limodzi. Anatsegula linalo.

Pakhomo panaima Ababa. Mphuno yawo inali yofiira. Makutu awo anali ofiira. Mano awo ankagundana.

"Odi," anatero Ababa. "Ndamva kuti muno mukuitana mwayi."

Genta anawalumphira. Anawagwira m'khosi. Anawagwira mphuno. Anawagwira makutu. Ankafuna kuona ngati zonse zilipo.

"Ababa, chinakudyani?"

"Chinatsala pang'ono. Koma ndamva kuti mnyamata wina wachigenda koopsa."

"Ndine," anatero Genta. "Ndachimenya pamphuno."

"Ndikudziwa," anatero Ababa, akusisita mphuno yawo.

Genta anatsika. Anayang'ana Ababa kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Maso ake anaima pakati.

"Ababa, mwavala kabudula wa chilombo."

Ababa anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana kudenga. Ababa anayang'ana Sumire. Sumire analuma mlomo.

"Mwachilanda?" anafunsa Genta.

"Eee," anatero Ababa msanga. "Ndachilanda."

"Ndiye chapita chilibe kabudula?"

"Chilibe."

Genta anagwa pansi ndi phwete. Amayi anaseka mpaka misozi. Sumire anaseka kuposa onse.

Amayi anabweretsa bulangete ndi tiyi wotentha. Anabweretsanso soya wina m'mbale. Pa tsikuli aliyense amadya soya wokwana zaka zake. Genta anadya atatu. Sumire anadya asanu ndi awiri. Ababa anatafuna, anatafuna, mpaka nsagwada zinatopa.

"Ababa ndi akalekale," anatero Genta.

Ababa anali akunjenjemerabe. Sumire anawavula sokosi imodzi. Genta anawavula inayo. Sumire anagwira phazi lamanja. Genta anagwira phazi lamanzere. Anayamba kusisita.

Ababa anaweramira kwa Sumire. "Sunanene?" anafunsa chapansipansi.

"Sindinanene," anayankha Sumire.

Ababa anamusisita kumutu. Sumire anasangalala kwambiri.

Genta anakumbatira phazi la Ababa. Analiika pamimba pake, mkati mwa juzi.

"Achemwali, sisitani kwambiri," anatero. "Mwayi wathu wazizidwa mapazi."