Womanga Chibwano cha Che Hamadi

Sajeni Yotamu, wofufuza milandu amene anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, anafika pa damu la Che Hamadi nthawi ya 7:50 m'mawa, Lachiwiri pa 15 Febuluwale 1983. Kuchokera pa Ulongwe si patali, koma Landirova inatitimira kawiri m'matope.

Damulo silinali lalikulu. Linali khoma la dothi limene Che Hamadi anaunjika ndi aganyu zaka zisanu m'mbuyomo, kutseka kakhwawa kuti chilimwe azithirira anyezi ndi matimati. Mvula ya sabata yathunthu inali italidzaza. Madzi anatsala chikhato chimodzi kuti afike pamwamba pa khoma.

Mwini damu anali gone kumapeto kwa khomalo, pafupi ndi ngalande yotayira madzi. Kunkhongo kunali bala limodzi lakuya. Ngalandeyo inali yotsekedwa ndi matumba a mchenga, koma matumba atatu anali atakokeredwa pambali, ndipo fosholo inali m'matope.

Yotamu ananjuta. Mtembo unagonera kumanja, nkhope italoza kumpoto. Maso anali otseka. Kansalu koyera kanakulunga chibwano, mfundo yake ili pamutu.

"Wakupha ndi uyu, bwana. Takuchepetserani ntchito," anatero tcheyamani wa chipani wa m'mudzimo.

Pansi pa mtengo wa mango, anyamata a yufi, achinyamata a chipani, anakhazika munthu wamkulu womangidwa ndi luzi, mlomo utatupa. Anali a Blasius, mwini dimba la kumunsi kwa khwawa. Mudzi wonse unawamva chaka chatha akukuwa kuti adzaswa mutu wa Che Hamadi pa nkhani ya madzi. Yotamu ankadziwa bwino kumene mlandu wa mboni zambiri chonchi umathera: pa chingwe.

"Anayamba kuona mtembo ndani?"

Mayi wina, a Dorica, anatukula dzanja mwamantha. Ankadutsa pakhomalo 6:30 popita kumunda. Wachibale wina wa malemuyo, Uladi, anati iye za imfayo anamva kwa mayiwo.

"Atabwera anthu, amene anamanga chibwanochi ndani?"

"Achibale, kaya," tcheyamani anayankha msanga.

"Iyayi bwana," a Dorica anatero. "Ine ndinawapeza chomwecho. Poyamba ndimayesa dzino likuwawawa, mpaka ndinawapatsa moni."

Ena anaseka, kenako anachita manyazi. Yotamu anamasula kansaluko, nakaika mu envulopu. Anauza Konsitabolo Wadson kuti mtembo upite kuchipatala, ndipo ubwere dzuwa lisanapendeke, popeza abale ankafuna kuika maliro tsiku lomwelo.

Nthawi ya 11:15, m'kachipinda kofunsira mafunso pa Ulongwe, a Blasius anakhala moyang'ana pansi.

"Munanena kuti mudzawaswa mutu?"

"Ndinanena, bwana. Mu Okutobala. Chimanga changa cha kudimba chikuuma, iwo atatseka paipi ya damu ngati mvula anagula kusitolo."

"Ndiye lero munapita kukatsegula ngalande."

"Madzi ndiwatani mwezi uno? Dimba langa lamira, achule ndiwo akulima."

"Mbandakucha munali kuti?"

"Ndimadula udzu wa mbuzi. Ndekha. Mbuzi sizichitira munthu umboni."

Yotamu anazunguza pensulo pa tebulo. "Kwanu munthu akamwalira mumamugoneka bwanji?"

A Blasius anadzutsa mutu modabwa. "Chagada, manja pachifuwa, kolona m'manja."

"Nkhope kuloza kuti?"

"Kudenga, bwana. Kwinanso kuti?"

Wadson atabwera kuchokera kuchipatala anati imfa inachitika cha m'ma 5:30, ndi chitsulo chafulati. Anali wokhutira. Yotamu ayi. Anali atakhalapo pa maliro ambiri a Chisilamu m'boma la Machinga. Munthu akatsirizika, amene ali pafupi amamutseka maso, kumumanga chibwano ndi nsalu yoyera, ndi kumutembenuzira ku kibula, kumene mizikiti yonse imaloza. Mdani wothawa sachita zimenezo. Ndipo Mkatolika ngati a Blasius sakanadziwa n'komwe kuti kibula ili mbali iti.

"Akwezeni a Blasius m'galimoto. Tikubwerera."

Anafika 2:10 masana. Nthawi ino Yotamu sanakwere pamwamba pa khoma, anatsikira kuseri kwake. Patsinde pa khomalo dothi linali lofewa, nsapato kumira. Pamalo awiri madzi ankatumphuka ngati kasupe, ofiira. Wina anali atazika timitengo motsatana m'mbali mwa chithaphwicho.

Mapazi makumi anayi kuchokera pamenepo panali nyumba yofolera udzu. Mtsikana wobereka khanda ankayanika matewera pachingwe. Akayanika limodzi, maso ku khoma. Akatola lina, maso ku khoma.

"Odi, mayi. Timitengo ito anazika ndinu?"

"Ndine, bwana." Dzina lake anali Nafisa, mkazi wa Uladi, mwana wa mlongo wake wa Che Hamadi. "M'mawa uliwonse ndimazika pamene madzi afika. Kale ankatuluka oyera. Lero ndi tsiku lachinayi akutuluka ofiira. Akafiira ndiye kuti akudya khoma, si choncho?"

"Munawauza eni ake?"

"Abambo a mwanayu anapita katatu. Amjomba awo anati, amene akuopa madzi akamange kuphiri." Anasuntha mwana kumsana, namugwira kaphazi ngati akuona ngati kalipo. "Ine tulo ndinasiya. Ndimangomvetsera."

Yotamu anayang'ana pachingwe. Matewera asanu ndi limodzi, osokedwa kuchokera ku matumba a ufa, opindidwa bwino m'mphepete. Limodzi linali lalifupi, mbali imodzi ulusi uli wiruwiru.

"Ili linatani?"

"Ndadabwa nanenso. Dzulo ndinalipinda lili lonse. Ndili nawo asanu ndi limodzi okha, ndimawadziwa ngati zala zanga."

Yotamu anatulutsa kansalu mu envulopu, nakagundanitsa ndi thewera lija. Mphepete zinakumana ulusi ndi ulusi. Nafisa anayang'ana, kenako anakhala pansi pamatope pomwepo.

Wadson anakatenga Uladi kumanda kumene ankakumba ndi anzake. Anabwera dothi lili m'miyendo, maso ofiira. Ataona thewera m'manja mwa Sajeni, anaima.

"Che Uladi, m'mawa munandiuza kuti za imfayi munamva kwa a Dorica."

"Ndinatero."

"Nanga nsalu ya mwana wanu inafika bwanji pa chibwano cha amjomba anu a Dorica asanadutse?"

Uladi anayang'ana mkazi wake, kenako khoma.

"Nditaswali subuhi, pemphero la mbandakucha, ndinatenga fosholo," anayamba motsitsa mawu. "Matumba aja anaika okha mwezi watha, ati madzi akwere, chaka chino alime anyezi mpaka Novembala. Ine ndinati ndichotse, madzi atsike, akalipe pambuyo. Nditachotsa atatu anandipeza. Anati, iwe ndinakulera ine, lero ukutaya madzi anga? Ndinati, amjomba, mdzukulu wanu amagona pansi pa khomali. Anati, khoma ili ndinamanga ndine, silingagwe. Anawerama kuti abwezere thumba. Ndinawakoka, anandikankha, anaweramanso. Kamodzi kokha. Sindinadziwe kuti fosholo imalemera chomwecho."

"Bwanji simunangothawa?"

"Ndinathawa. Ndinafika pamtengo uwo. Nditacheuka ndinaona agona chafufumimba, pakamwa pali yasa, nkhope kumwera. Munthu amene anandiphunzitsa kuswali! Ndinathamangira kunyumba, awa ali kubafa. Nsalu yoyera m'nyumba mwathu ndi matewera okha."

"Ndipo a Blasius akumenyedwa m'mawa uja, inu munali pomwepo."

"Ndinali pomwepo." Uladi anaphimba nkhope. "Ndimati ndinena tikaika maliro. Kaya ndikananena, Mulungu ndiye akudziwa."

Yotamu anakodola Wadson. Unyolo unachoka m'manja mwa a Blasius n'kulowa m'manja mwa Uladi. A Blasius anasisita mikono yawo.

"Bwana," Uladi anatero ali pakhomo la Landirova, "matumba atsala asanu ndi awiri. Kumwambaku kwadanso."

Kum'mawa mitambo inali itaunjikana. Yotamu anayang'ana chithaphwi chija. Madzi anali atapitirira kamtengo ka m'mawa uja.

Asanayankhe, a Blasius anali atayamba kale kukwera khoma, akutsimphina. Madzi onsewo akatsegulidwa ankayenera kudutsa m'dimba lawo, ndipo iwo ankadziwa. Anagwira thumba loyamba, nacheukira kwa Nafisa.

"Mayi, kwerani naye mwanayo kumtunda kuno. Inu a Konsitabolo, musangoima ngati mwabwera kudzajambulitsa, gwirani uku."

Nthawi ya 3:05 Yotamu analemba m'kabuku kake kuti woganiziridwa woyamba wamasulidwa. Kumbuyo kwake madzi anayamba kusefukira m'ngalande, ndipo Nafisa, mwana ali pachifuwa, anaima pamtunda kuyang'anitsitsa mzere wonyowa umene unkaonekera pakhoma pamene madzi ankatsika.