Chikwangwani cha M'saluni

M'nyumba ya mayi wina wosoka zovala munali mtendere, komanso lamulo limodzi: wowononga nsalu ya mwini agule ina ndi ndalama zake. N'chifukwa chake mayiwo ankayeza kawiri asanadule. Mwana wawo wotsiriza, mtsikana wa manja aluso koma waphuma, ankaona ngati n'kutaya nthawi.

Atapeza ntchito ku saluni, amayi ake anamukhazika pansi.

"Mwanangu, nsalu ndikalakwitsa ndimagula ina. Mutu wa munthu sagulitsa m'sitolo."

"Ndamva, amayi," anayankha, maso ali pa foni.

Mwini saluniyo, amene onse ankamutchula kuti Madamu, anamuonetsa chikwangwani chimene chinali pamwamba pa galasi: TSITSI LIKAWONONGEKA, SALUNI INO ILIBE MLANDU.

"Ameneyu ndiye loya wathu," anatero Madamu akuseka. "Paka mankhwala, tsuka, wina akhale pampando. Zoyesayesa kuno ayi."

Masiku oyamba mtsikanayo ankayesabe mankhwala owongolera tsitsi kuseri kwa khutu la kasitomala, n'kumayang'ana wotchi. Mnzake wa mpando woyandikana anamuseka.

"Kodi iwe ndiwe nesi? Ukasamala, malipiro ndi omwewo. Ukalakwitsa, ndi omwewonso. Ukudzivutiranji?"

Mawuwo anamulowa. Anasiya kuyesa. Kenaka anasiyanso kuyang'ana wotchi.

Mayi wina anatupa pamphumi. Madamu anangoloza chikwangwani, mayiyo n'kutuluka akung'ung'udza. Mtsikana wina wa sukulu tsitsi linathothoka mbali imodzi. Chala chinalozanso chikwangwani. Atafika kunyumba, mtsikana wathu uja anafotokoza nkhaniyo akuseka.

"Ukuseka?" anafunsa amayi ake. "Wapsa ndi munthu, iwe ukubisala kuseri kwa thabwa. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Amayi, zanu n'zachikale. Lamulo lili kumbali yathu."

Loweruka lina saluni inadzaza, anthu mpaka kuima pakhomo. Pampando wa mtsikanayo panakhala mphunzitsi wina wofatsa.

"Achemwali, khungu langa silichedwa kutupa. Chonde muyese kaye."

"Musadandaule," anatero mtsikanayo, akupaka kale. Foni inalira, iye n'kutuluka nayo panja.

"Achemwali, kukuotcha!" anaitana mphunzitsiyo.

"Ndiye kuti mankhwala akugwira. Pirirani!"

Mphindi khumi zimene mankhwalawo amafunika kukhala m'mutu zinasanduka theka la ola. Atabwerera n'kutsegula mpopi, tsitsi linatsalira m'manja mwake pamodzi ndi khungu. Madzi a m'sinki anafiira. Mphunzitsiyo anakuwa mpaka anthu a mumsewu anathamangira pazenera.

Mphunzitsiyo anagona m'chipatala milungu itatu. Dokotala anati pakati pa mutu sipadzameranso tsitsi.

Tsiku la mlandu Madamu anafika ku khoti atanyamula chikwangwani m'khwapa. Woweruza anachiwerenga, n'kuchiika pambali.

"Munthu sangadzilembere yekha chilolezo chovulaza mnzake. Wogwira mutu wa wina ali ndi udindo wosamala, chikwangwani chikhalepo kapena ayi."

Pomwepo Madamu anatembenuka. "Ine ndinamuphunzitsa bwinobwino, bwana. Vuto ndi mwanayu ndi foni yake."

Mtsikanayo anayang'ana mnzake uja kuti amuikire kumbuyo. Mnzakeyo anali kuyang'ana zikhadabo zake. Khoti linalamula kuti Madamu ndi mtsikanayo alipire chipukuta misozi. Saluni inatsekedwa, ndipo panalibe saluni ina imene inafuna kumulemba ntchito.

Mtima wa mtsikanayo sunakhazikike. Ankati akagwira ichi n'kusiya, akakhala pansi n'kudzambatuka. Pomaliza anapita kusukulu kumene mphunzitsi uja ankaphunzitsa, n'kugwada pamaso pake.

"Aphunzitsi, ndinakulakwirani. Munandipempha kuti ndiyese kaye, ine sindinamve."

Mphunzitsiyo anavula mpango kumutu pang'onopang'ono.

"Ndalama ndalandira. Taona ngati zameretsa kanthu." Anamanganso mpangowo kumutu. "Dzuka. Ndakukhululukira, koma ine ndidzafa ndi mutu umenewu."

Achinyamata, amene amasamala pokhapokha akaopa kulipira ndi munthu woopsa. Musadikire khoti kuti likuphunzitseni kuti mnzanu amamva kuwawa, pakuti pofika tsikulo wina amakhala atavulala kale.